Musapereke nkhafi kwa munthu wosamudziwa

Anyamata akunyanja, tamverani. Ndatopa nawo mkangano wanu woti yabwino ndi iti, TeamViewer kapena AnyDesk, ngati mukukangana za Bullets ndi Wanderers. Onsewa ndi a ku Germany ndipo ntchito amagwira: mnzako ali ku Lilongwe amalowa mu laputopu yako iwe uli ku Makanjira, n'kukonza vuto.

Koma TeamViewer yaulere ndi ya zapakhomo basi. Ikakukayikira kuti ukupangira geni, imakudula ntchito ili mkati. Ndiye ena mwayamba kusaka ya crack. Aaa, zoona? Pulogalamu yotsegula chitseko cha kompyuta yako, ukaitenge kwa mbava? Chikhalirecho Chrome Remote Desktop ndi yaulere, imangofuna akaunti ya Google. RustDesk nayo sulipira.

Chondiwawa kwambiri ndi ichi. Wina akakuimbira kuti ndine wa kubanki, ika AnyDesk pafoni undiwerengere manambala akuonekawo, dula pompo. Manambalawo ndi nkhafi ya bwato lako. Ukangomuvomera, sikirini yako akuionera limodzi nawe: mameseji a kubanki, balansi ya Mpamba, zonse. Ndalama za usipa wa mdima wonse zipita maukonde asanaume.