Mwana wopita kunja musamuuze kuti akakhale chete

Mwana wa kuno ku Mulanje akapeza mwayi wokaphunzira zamalonda kunja, kaya ku Britain pa sikolashipu ya Chevening, kaya ku Cape Town kapena ku Johannesburg, achibale amasonkhana kudzatsanzikana naye, ndipo malangizo ake sasintha. Azakhali amakamba za ufa, usipa ndi kalongonda woti alowe m'chikwama. Amalume amakamba za jekete poti kumeneko kumazizira. Abusa amapemphera. Kenako mkulu wa banja amaimirira n'kumanga nkhani yonse ndi mawu amene ine amandiwawa nthawi zonse: ukakhale wofatsa, usakalankhulelankhule, kwa eni kulibe mkuwe. Anthu amawomba m'manja. Mkuluyo amanena mwachikondi, palibe angakane, koma pa malangizo onse a tsikulo awa ndiwo amakamupweteka mwanayo akafika.

Za kuzizira ndi zakudya sizichedwa kutha. Munthu amene wakulira m'tsinde mwa phiri lino, wayendapo m'mamawa wa Juni chiperoni chikuwaza, amagula zovala zotentha n'kuzolowera, ndipo ufa umapezeka m'masitolo a anthu a ku Africa m'mizinda ikuluikulu. Chimene chimatenga miyezi ndi kalasi. Sukulu zambiri zophunzitsa digiri ya zamalonda yotchedwa MBA zinatengera kaphunzitsidwe kamene kanatchuka ku Harvard Business School, sukulu ya ku America imene inatsegulidwa mu 1908. Kumeneko mphunzitsi sabwera ndi manotsi oti ophunzira akopere. Amapereka nkhani ya kampani yeniyeni imene inagwa m'vuto, aliyense akawerenge usiku, ndipo m'mawa mwake amangotchula dzina la munthu amene sanakweze n'komwe dzanja kuti anene chimene akanachita akanakhala bwana wa kampaniyo. Akamaliza, anzake amamutsutsa pomwepo. Pasukulupo pafupifupi theka la malikisi a maphunziro ambiri limachokera pa zimene munthu walankhula m'kalasi. Ngakhale sukulu zimene sizifika pamenepo zimagawa ophunzira m'timagulu, ndipo m'kagulu ka anthu asanu wosalankhula amasiyiridwa ntchito yotayipa zimene ena agamula.

Tsono taganizirani kumene mwana wathu wachokera. Kuyambira Sitandade 1 mpaka mayeso a MSCE, wanzeru kwathu kuno ndi amene amaloweza bwino n'kubweza pa pepala zimene aphunzitsi analemba pa bolodi. M'kalasi yodzaza mpaka pakhomo mphunzitsi alibe nthawi ya mtsutso, ndipo mwana amene angayerekeze kunena kuti akuona mosiyana ndi aphunzitsi amatchedwa wamwano. Ndadandaulapo kambiri za zimenezi ndipo sindisiya. Timatenga zaka khumi ndi ziwiri kuphunzitsa mwana kuti pakamwa pake pazikhala potseka, ndiye tsiku lomutumiza kumalo kumene pakamwa ndi pamene pali malikisi, timamukhomereranso msomali womwewo.

Komabe mantha a aphunzitsi ndi gawo chabe. Chimene chimamumanga lilime kwambiri ndi kukhulupirira kuti sanabwere ndi kanthu. Kumanja kwake kwakhala munthu amene anagwirapo ntchito kubanki ku London, kumanzere wina wochokera ku kampani ya makompyuta ku Bangalore, ndipo iye mumtima amati wa ku Chitakale anganene chiyani. Apa m'pamene makolo athu anaona patali ponena kuti mlendo ndiye amabwera ndi kalumo kakuthwa. Tiyi akulimidwa m'boma lino kuchokera mu 1891, pamene Henry Brown anabzala ku Thornwood. Mwana amene mayi ake amathyola tiyi m'munda wawo n'kukapimitsa pasikelo kudzera ku bungwe la alimi ang'onoang'ono la Sukambizi amadziwa chifukwa chake mlimi sangakanire mtengo: tsamba likathyoledwa liyenera kufika kufakitale tsiku lomwelo, ndipo fakitale yapafupi ndi imodzi. Mabuku amafotokoza zimenezi ndi mizere yojambula, iye anaziona pakhomo pawo. Amadziwa kuti ku Muloza ndi kumsika wa Limbuli chimanga ndi nandolo zimawoloka malire potsata mphamvu ya kwacha ndi metikali. Anaona mu Novembala 2023, ndalama yathu itachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti, mwini golosale akugulitsa katundu yense n'kulephera kupikula wina ndi ndalama zomwezo. Anaona namondwe wa Freddy mu Malichi chaka chomwecho akudula misewu ndi milatho, malonda n'kuima chilili. Amadziwanso mmene amayi a banki mkhonde amabwezera ngongole popanda chikole, chifukwa chochita manyazi ndi anzawo a m'mudzi. Mnzake wa ku London uja zambiri mwa izi anangoziwerenga.

Ena adzati ndikulimbikitsa mwano, kuti ulemu ndiwo mbiri yathu Amalawi ndipo tisautaye chifukwa cha digiri. Ine ulemu sindikulimbana nawo. Kudikira mnzako amalize, kuyamba wamvetsa usanayankhe, kutsutsa mfundo popanda kunyoza mwini wake, zonsezi n'zimene zimachitika pabwalo la mfumu mlandu ukamazengedwa, ndipo m'kalasi ya MBA ndi chuma chosowa. Koma pabwalo lomwelo munthu amene akudziwa pamene padutsa malire a munda, n'kukhala chete mpaka mlandu kugamulidwa molakwika, sitimutcha waulemu. Ena adzati vuto ndi Chingerezi, kuti mwana amaopa kusekedwa kalankhulidwe. M'makalasi amenewa mumakhala anthu a ku China, India, Brazil ndi Nigeria, aliyense ndi lilime la kwawo, ndipo wa ku Malawi waphunzira m'Chingerezi kuyambira kupulayimale, zimene ambiri mwa iwo sanachite.

Chotsutsa cholemera kuposa zonse n'chakuti nkhani zimene amaphunzira ndi za Toyota, Coca-Cola ndi Amazon, ndiye za kumudzi zingalowe pati. N'zoona kuti nkhani za makampani a ku Africa n'zochepa m'mabuku amenewa, ndipo n'zoonanso kuti mwana amene angamayankhe funso lililonse ndi nthano ya kwawo angatopetse anzake. Ayenera kuwerenga, adziwe masamu a ndalama, agone mochedwa ngati ena onse. Koma mafunso amene ali pansi pa nkhani za makampani akuluakuluwo ndi omwewo a pa Nkando: mtengo akuika ndani, katundu akaonongeka panjira aluza ndani, ngongole ibwezedwa bwanji. Ndipo tiyi amene anzakewo akumwa popuma akhoza kukhala wosakaniza ndi wa kuno komwe, poti Britain ndi South Africa ndi ena mwa misika ikuluikulu ya tiyi wathu.

Nkhaniyi ndimaiumirira chifukwa ana amenewa amabwerera. Chevening imafuna kuti munthu akamaliza abwerere kwawo kwa zaka zosachepera ziwiri. Ndi iwowa amene adzakhale patebulo ndi ogula akunja, ndi mabanki, ndi eni maesiteti. Padutsa zaka zoposa zana tiyi wathu wambiri akutuluka m'dziko m'matumba akuluakulu, wina kudzera ku okushoni ya ku Limbe, kuti akaikidwe m'timapaketi kwina kumene phindu lalikulu limatsalira. Munthu amene anakhala chaka chathunthu kumbuyo kwa kalasi akugwedeza mutu adzagwedezanso mutu patebulo limenelo, ndipo wolipira adzakhala mlimi yemwe uja wa pasikelo.

Choncho inu amene mwana wanu walandira kalata yomuitana, ufa mupatseni, jekete mugulireni. Koma asanakwere basi ya ku Limbe, mutumeni akakhale tsiku lathunthu ku Limbuli akufunsa mavenda mitengo, akacheze ndi alimi a tiyi, akapemphe kuona mmene fakitale imagwirira ntchito, alembe zonse m'kope. Ndipo inu akuluakulu mukaimirira kuti mumalize mwambo, muuzeni kuti sabata yoyamba isakathe asanakweze dzanja.