Ngongole ya galimoto yatha: ndalamayi tsopano ndi ya yani?

Pa payslip ya wogwira ntchito m'boma pamakhala mzere umodzi umene mwini wake amauyang'ana ndi diso limodzi, ngati chilonda chosapola. Ndi mzere wa ngongole. A PMEC, okonza malipiro a boma, amayamba adula kaye, mwini thukuta n'kumatola makombo. Ndiye umafika mwezi wina, mzere uja osaoneka. Galimoto yatha kulipiridwa, white book ili m'sutikesi kunsi kwa bedi, malipiro akwera popanda nduna kulengeza kanthu pawailesi.

Tiyerekeze kuti ndi mphunzitsi wa kuno ku Chama, ndipo ankadulidwa K3,000 pamwezi kwa zaka 5. Kuyambira lero ndalamayo izigwera m'thumba mwake, K36,000 pachaka. Aphunzitsi, mwapirira, tikukuwombererani m'manja. Koma ng'oma isanalire, tiloleni tifunse: ndalama imeneyi ndi ya yani?

Mukuti ndi yanu. Nanga bwanji amene wayamba kuiwerengera si inu? Sabata isanathe foni ilira, ndi mnyamata wa kampani yobwereketsa, mawu ake ozuna ngati uchi. "Aphunzitsi, mwaswera bwanji? Taona kuti mwamaliza bwino. Anthu okhulupirika ngati inu timawapatsa ngongole ina tsiku lomwelo. Mungobwera ndi NRC ndi ma payslip atatu basi." Boma linakhazikitsa lamulo lakuti zonse zikadulidwa, wantchito azitsala ndi 40 peresenti ya malipiro ake. Linaikidwa kuti likhale mpanda woteteza mphika wa ana, koma ambiri analisandutsa muyeso wa kumene angafike: bola sindinagunde pa 40, malo akadalipo. Kwa wobwereketsa, mpata umene watseguka pa payslip yanu ndi dimba lachonde lopanda mwini. Kodi mwaiwala kuti mu 2021 boma linachita kulowererapo ndi debt swap chifukwa antchito ake ngongole zinali zitawafika m'khosi? Amene anamira aja sanali zitsiru ayi. Anali anamwino, apolisi ndi aphunzitsi anzanu, amene ina itatha anasainira ina inki isanaume.

Tsopano tulukani pabwalo. Galimoto mwamaliza kulipirayi ili ndi zaka zingati? Inachoka ku Japan itatumikira kale mbuye wina, inatsika padoko la Dar es Salaam, n'kulowera pa Nakonde ikunyezimira. Chiyambire pamenepo yakhala ikudya fumbi ndi matope a msewu wa Lundazi. Pitani nayo kwa makaniko pansi pa mtengo wa mango, muime pambali muone. Amagwira tayala lakutsogolo ndi manja awiri n'kuligwedeza, ilo gwedegwede. Amayala katoni, kulowa kunsi, n'kutulukako akupukutira girisi pa ovolosi. "Bwana, mashoko onse anapita, mabushi kulibe. Iyi ikuyendera chisomo cha Mulungu." Zitsulo zina kuno simuzipeza, muchita kuitanitsa ku Chipata kapena ku Lusaka n'kumadikira basi. Ndiye tiuzeni, ngongole yathadi kapena yangosintha woilandira? Walira mvula walira matope. Mukadya K3,000 yonse mwezi ndi mwezi, tsiku limene giyabokosi idzakane pakati pa tchire mudzathamangira kwa yani, ngati si kwa mwini mawu a uchi uja?

Apa tisamuunjikire mphunzitsi yekha. Atsogoleri, funso ili ndi lanu. Mu 2011 Pulezidenti Michael Sata anachotsa Chama m'chigawo cha Kum'mawa n'kuiika ku Muchinga, likulu n'kukhala Chinsali. Mu 2021 Pulezidenti Hakainde Hichilema anaibweza, likulu n'kukhalanso Chipata. Pamapu Chama yayenda maulendo awiri osaponda thope. Nanga munthu wa kwa Chikwa kapena kwa Chifunda, mvula ikakhazikika mu Januwale, amafika bwanji paboma? Pamene ntchito ya misewu ya Link Zambia 8000 inkayamba mu 2012, msewu wa Matumbo ndi wa Lundazi inali m'malonjezo. Mwana amene anabadwa chaka chimenecho lero ndi mnyamata wotha kunyamula thumba la mpunga. Mu 2022 thumba la CDF linakwera kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni kudera lililonse la phungu, Chama North ndi Chama South momwemo. Mwa ndalama zimenezi, ndi zingati zagwera pa timilatho ndi misewu ya kumidzi, ndipo ndani angatiwerengere poyera? Mwini galimoto kuno amakhoma msonkho kawiri, wina ku RTSA, wina kwa makaniko.

Pali funso lina lovuta kulifunsa mokweza, chifukwa eni nkhani timadya nawo mbale imodzi. Galimoto ya mphunzitsi kumudzi si yake yekha. Ndiyo ambulansi mayi wapakati matenda akamuyamba usiku, ndiyo yonyamula bokosi, ndiyo yotenga azakhali kupita ku mwambo wa Kwenje kwa Kambombo. "Amalume, mafuta tidzabweza tikagulitsa thonje." Thonje linagulitsidwa, mafuta sanabwere, ndipo mtengo wake a ERB amaulengeza mwatsopano mwezi uliwonse osafunsa za maliro a kwanu. Sitikuti muzikana. Wokana kunyamula wodwala, tsiku lake adzanyamulidwa ndi yani? Koma abale akangomva kuti ngongole yatha, aliyense adzabwera ndi vuto lofanana ndendende ndi K3,000. Chikukuletsani n'chiyani kupatula gawo lodziwika la achibale, loti likatha latha mpaka mwezi wamawa? Ndipo amayi akunyumba, amene kwa zaka 5 akhala akusinthanitsa nkhwani ndi kapenta kuti galimoto ilipiridwe, mwakhala nawo pansi? Iwonso analipira, kungoti dzina lawo silinalembedwe pa fomu. Kumene mwini galimoto ndi mayi, funso likutembenukira kwa bambo: mudzamusiya aisunge, kapena mwaipezera kale ntchito?

Maganizo athu sitiwabisa. Mwakhala miyezi 60 popanda ndalama imeneyi, ana sanagone ndi njala. Pitirizani kudulidwa, koma wodula mukhale inu nomwe, tsiku lomwelo malipiro alowa, isanagone pa Airtel Money pamene chala chimayabwa. Ngati pali kaloba penapake, ayambe kufa ndi ameneyo, pakuti palibe bizinesi ya chilungamo imene ingabereke msanga kuposa mmene kaloba amadyera. Akatha, miyezi 6 yotsatira ikhale ya thumba la tsoka: K18,000 yongokhala, yodikira matayala, inshuwalansi ndi matenda. Ndalama yongokhala imaoneka ngati yaulesi, mpaka usiku umene idzakupulumutseni kusaina pepala lina.

Kuchoka apo ndiye pali zosankha, ndipo chilichonse chili ndi minga yake. Chilimba n'chabwino pomanga manja a munthu wosaugwira mtima, koma sichibereka: mumalandira zomwe munasonkha, mitengo ya zinthu itakwera kale. Village banking imabereka ndithu, koma mwafunsa kuti phindulo likuchokera m'thumba la yani? Si la mamembala omwewo amene akukakamizana kubwereka? Ndipo buku ndi bokosi zili m'manja mwa munthu amene mungamudzudzule pamaso, kapena ndi mkazi wa bwana wanu? Palinso njira imene ambiri kuno amaiona ngati ya mabwana a ku Lusaka: kubwereketsa boma kudzera m'ma Treasury bill a Bank of Zambia, a masiku 91, 182, 273 kapena 364, kapena ma bond a zaka zingapo. Wina anena kuti boma lomweli linalephera kulipira Eurobond mu Novembala 2020, ndipo sakunama. Koma pokonzanso ngongole za dziko, za m'kati muno sizinakhudzidwe. Si zokoma kodi kuti mutatha zaka zonsezi mukubwereka, kamodzi kokha chiwongoladzanja chiyang'ane kwa inu?

Ambiri mtima uli pa mpunga, ndipo tikuwamvetsa. Mpunga wa ku Chama fungo lake limadziwika mpaka m'masitolo a ku Lusaka, kumene a COMACO amaugulitsa m'mapaketi a It's Wild! Kugula wosapuntha nthawi yokolola, kuusunga, n'kudzaupunthitsa mitengo itakwera, imeneyo ndi nzeru yoti galimoto yanu ingathandizepo, ngati ili yonyamula katundu. Vitz si Canter. Koma kulima n'kwina. Mudzalima nokha kapena pafoni, muli m'kalasi, mphwanu akukuuzani kuti feteleza wathiridwa? Njovu za ku Musalangu zikalowa usiku umodzi, mudzadandaula kwa yani? Luangwa ikasefukira? Chilala cha 2024, chimene boma linachitcha tsoka la dziko lonse, chinasankha minda ya ogwira ntchito m'boma n'kuisiya? Ikani m'munda ndalama imene mungaitaye osadwala nayo BP, osati yonse. Ichi chakoma, ichi chakoma, pusi anagwa chagada.

Tisanatseke, tikumbutsane za Epulo 2023, pamene lamulo linalola mamembala a NAPSA kutapako 20 peresenti ya zimene anasonkha asanapume pantchito. Ena anafolera nyumba ndi malata, ena analipirira ana kukoleji, ndipo tikuwalemekeza. Koma inu amene munatapa, mungatitenge lero n'kutilozera ndi chala kuti ndalama ija ndi iyi? Ngati mukukanda kumutu, mukuganiza kuti K3,000 yobwera pang'onopang'ono, yopanda phokoso, idzasiya chizindikiro chotani?

Mwezi ukutha. Mnyamata wa kampani yobwereketsa uja wakwera kale njinga yamoto, mafomu ali m'chikwama, ndipo akudziwa nthawi imene belu la sukulu yanu limalira. Masamu a malipiro anu iye wachita kale, mpaka ngwee yomaliza. Inu kope lanu lili kuti?