Katswiri weniweni ndi woteteza moyo

Nthawi yopuma ikakwana, anyamata athu sakhalira kukangana: pa mpikisano wa galimoto wa Formula One wamkulu ndani, Schumacher kapena Hamilton? Aliyense wa iwo anakhala katswiri wa dziko lonse maulendo 7. Ife tikuti musaiwale Jackie Stewart. Anapambana katatu kokha, koma atatopa ndi maliro a anzake, analimbikira kuti pampikisano pakhale madokotala, malamba ndi zotchinga m'mbali mwa msewu. Ena ankamuti wamantha. Khama lotereli ndi lomwe linapulumutsa Romain Grosjean ku Bahrain mu 2020, galimoto yake itaduka pakati n'kuyaka moto. Moyo ndi amana, Allah anangotisungitsa. Choncho pokwera njinga yamoto ya kabaza, pemphani chipewa choteteza mutu, ngakhale anzanu akusekeni.