Venus Atatsikira ku Old Town

Anzanga, ndakhala ndikuganizira Venus wa Botticelli, uja anajambulidwa ali mbulanda pa chigoba cha nkhono zaka zoposa 500 zapitazo. Ku Area 10 angam'pachike pabalaza n'kumati ndi luso. Atatsikira ku Old Town, mavenda amene anavula amayi ovala mathalauzi mu Januwale 2012 angasoŵe chom'vula!

Mu 2003 aphungu analetsa Big Brother Africa pa TVM, ati ikuwononga chikhalidwe, mpaka khoti linaŵakaniza. Komatu mabwana a ku Area 43 ankaonerabe pa DStv usiku wonse. Lamulo la 1973 loletsa amayi thalauzi linafa kale, koma mzimu wake ukuyendabe pa depoti. Tandiuzani, chikhalidwe chotani chimene chimangoona mwendo wa mmphaŵi?