Mnyamata wofooka miyendo sanakhwimiridwe

Kwa Msakambewa ndi m'mapiri a Ntchisi, mnyamata akayamba kugwaigwa ali ndi zaka zinayi kapena zisanu, n'kudzalekeratu kuyenda akafika zaka pafupifupi 12, mlandu sukhalira kugamulidwa: amukhwimira. Chala chimaloza malume, makamaka ngati fodya wawo wayenda bwino ku okushoni. Zimenezi n'zabodza, ndipo amene akupwetekeka nazo ndi mwanayo.

Tamuyang'anitsitsani akamadzuka pansi. Amayamba wagwada, n'kugwira m'mawondo, n'kumakankha ntchafu ndi manja mpaka ataima. Akatumba a kumiyendo amaoneka onenepa chikhalirecho alibe mphamvu. Madokotala amati matendawa ndi Duchenne muscular dystrophy, ndipo amagwira mnyamata mmodzi mwa 3,500 mpaka 5,000 obadwa. Mu 1986 gulu la Louis Kunkel ku Boston linapeza jini imene imalakwika, ndipo mu 1987 linazindikira kuti thupi la mwana wotere silipanga dystrophin, imene imateteza minofu kuti isamang'ambike. Ena afunsa: nanga bwanji zimagwera mbumba imodzi, lero mwana, dzana mlongo wa mayi ake? Funsoli n'lomveka. Jiniyo imadzera mwa mayi, amene kawirikawiri sadwala, ndiye imatsata mzere womwewo umene ife Achewa timawerengera ubale. Mayiyo alibe mlandu, ndipo mwa ana atatu odwala, mmodzi vutoli limangoyambira pa iye.

Ena amati achipatala akalephera kuchiza ndiye kuti n'zaufiti. Zoona, mankhwala ochiziratu kulibe. Elevidys, mankhwala olowetsa jini m'thupi, analoledwa ku America mu 2023 pa mtengo wa madola 3.2 miliyoni, ndipo mu 2025 odwala ena amene analandira anamwalira chiwindi chitawonongeka. Koma kusachizika si umboni wa ufiti; shuga nayenso sachizika. Mapiritsi otchipa a prednisolone, akaperekedwa moyang'aniridwa ndi dokotala, amawonjezera zaka ziwiri kapena zitatu zoyenda yekha, ndipo mafizo amathandiza kuti mfundo zisaume. Zaka zimenezi n'zimene zimathera kwa asing'anga, mbuzi zikupita.

Makolo, pitani naye mwanayo kuchipatala cha Dowa kapena cha Ntchisi, mukapemphe kalata yopita ku Kamuzu Central. Inu mafumu, musalole milandu yotere pabwalo panu: lamulo la 1911 limaletsa kunena munthu kuti ndi mfiti.