Tiwaganizire oimba amene amagwiranso ntchito masana

Akonzi,

Ndiloleni kadanga pa tsamba lino kuti ndinenepo za anzathu oimba m'mabandi amene timawaitana pa ukwati, pa chinkhoswe ndiponso pa zochitika zopezera ndalama za mpingo. Ambiri mwa iwo sadalira kuimba kokha ayi. Wina ndi mphunzitsi wa ku pulayimale, wina ndi mlonda, wina ndi telala, wina amapalasa kabaza, winanso ndi mlimi. Ine ndikuona kuti malipiro a ntchito zawo za masanazo ndi amene akulipirira chisangalalo chathu, ndipo chimenechi si chilungamo.

Tiyeni tiwerengere limodzi. Bandi ya anthu asanu ndi mmodzi ikaitanidwa kukaimba Loweruka, pamafunika galimoto yonyamula anthu ndi zida. Pamafunika kubwereka zokuzira mawu ngati alibe zawozawo. Kumudzi kumene kulibe magetsi pamafunikanso jenereta ndi mafuta ake. Nsambo za gitala zimaduka, zikopa za ng'oma zimang'ambika, ndipo zida zambiri zoimbira zimachokera kunja. Kwacha itatsika mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mitengo ya zonsezi idakwera, koma ife oitana tidatsalira pa mtengo wakale. Akachotsa zonsezo n'kugawana chotsalacho, kawirikawiri aliyense amapita kwawo ndi ya sopo chabe. Zikapanda kukwana, woimba amapisa m'malipiro ake a kumapeto kwa mwezi. Ndiye kuti mkazi wake ndi ana ake asonkhera nawo ukwati wa munthu amene sakumudziwa n'komwe.

Vuto lina ndi la nthawi. Kuti nyimbo ikome pamafunika kukonzekera pamodzi. Nanga adzakumana liti pamene mphunzitsi amaweruka masana, mlonda akulowa ntchito madzulo omwewo, ndipo wakabaza akasiya njinga kwa maola awiri ndiye kuti ndiwo za tsikulo zapita? Tsiku la mwambo likafika, bandi imauzidwa kuti ifike m'mawa, koma mwambo umayamba dzuwa litapendeka. Akamaliza usiku minibasi zatha, ndiye amagona pa benchi akulondera zida. Lolemba m'mawa munthu yemweyo akuyenera kuima pamaso pa ana asukulu kapena pa bwana wake maso ali gwa. Kuntchito amamunena kuti mtima wake uli ku gitala. Kubandi amamunena kuti alibe chidwi chifukwa wajomba pokonzekera. Kunyumba nako akufunsa kuti bambo amapezeka liti pakhomo.

Ena amati ichi chakoma ichi chakoma pusi adagwa chagada, choncho woimba asankhe chimodzi. Koma asankhe bwanji? Maukwati ndi zisangalalo zimachuluka anthu akakolola, ndalama zikayamba kuoneka m'midzi. Mvula ikagwa aliyense ali kumunda ndipo bandi imatha miyezi osaitanidwa. Kale woimba ankapezako kangachepe pogulitsa matepi, monga ankachitira ambiri kudzera kwa O.G. Issa. Lero matepi adatha. Pamsika uliwonse pali mnyamata wa kompyuta amene amathira nyimbo zambirimbiri m'foni mwa munthu pa mtengo wochepa, mwini nyimbo osaonapo ngakhale tambala. Bungwe la COSOMA, limene lidakhazikitsidwa mu 1992, limatolera ndi kugawa ndalama kwa eni nyimbo amene adalembetsa, koma ndalama zimenezo sizibwera mwezi ndi mwezi ngati malipiro. Munthu wa banja sangasiye ntchito chifukwa cha izo.

Mbiri ya dziko lathu lomwe lino imamuchenjezanso. Allan Namoko wa ku Thyolo, amene nyimbo zake ndi Chimvu River Jazz Band zinkamveka pa wailesi tsiku ndi tsiku, adamwalira mu 1995 ali wosauka. Agide, a Giddes Chalamanda a ku Chiradzulu, adabadwa mu 1930 ndipo adaimba moyo wawo wonse, koma dziko lidawakumbukira bwino mu 2020, Patience Namadingo ataimba nawo, iwo ali ndi zaka 90. Amene ankalandira malipiro a pamwezi chifukwa choimba, monga a MBC Band kapena a Police Orchestra, adali owerengeka. Mnyamata amene akudziwa zonsezi n'kuumirira choko chake kapena makina ake osokera sakulakwa. Akuteteza ana ake.

Tsono ndilankhule nanu abusa, ansembe ndi akuluampingo, mwaulemu wonse. Kuimba m'kwaya Lamulungu ndi chopereka cha munthu mwini, ndipo palibe amene akupempha malipiro pa chimenecho. Koma pamene mwakonza mwambo wolipiritsa pakhomo kuti mumange tchalitchi kapena nyumba ya abusa, mumalipira holo, mumalipira mipando, mumalipira galimoto yonyamula mlendo wolemekezeka. Zimatheka bwanji kuti amene akopa anthuwo ndi nyimbo zawo angouzidwa kuti Mulungu awadalitse, n'kubwerera ndi ngongole ya mafuta? Inu mukudziwa bwino kuposa ine zimene zili pa Nehemiya 13. Oimba a m'Nyumba ya Mulungu atamanidwa gawo lawo adabwerera kuminda yawo, ndipo Nehemiya sadakalipire oimbawo koma akuluakulu. Mpingo ukafuna umatha kusamala oimba. Alleluya Band idayamba mu 1978 pa parishi ya Katolika ku Balaka, ndipo m'menemo mudatuluka Paul Banda ndi mng'ono wake malemu Lucius Banda. Anyamata aja adapeza zida ndi malo okonzekerera chifukwa mpingo udawaona kuti ndi anthu ofunika.

Pempho langa kwa onse oitana bandi, kaya ndi komiti ya ukwati, ya sukulu kapena ya mpingo, lili pa zinthu zinayi. Choyamba, gwirizanani mtengo mwambo usanafike ndipo mulembe pa pepala, mboni zilipo. Chachiwiri, perekani msanga ndalama ya galimoto ndi mafuta kuti woimba asakongole pofuna kudzakusangalatsani. Chachitatu, sungani nthawi, ndipo mwambo wa Lamulungu uzitha dzuwa lisanalowe chifukwa anthuwa mawa lake ali ndi ntchito. Chachinayi, musawauze kuti adikire perekaniperekani athe ndiye muone chotsala. Wophika ndi wosoka diresi simuwauza choncho. Ngati ndalama ya bandi yonse palibe, nenani poyera ndipo muitane anthu awiri kapena atatu amene mungathe kuwalipira.

Nanunso oimba muli ndi mbali yanu. Mbewa ya manyazi idafera kuuna. Tchulani mtengo wanu musanakweze zida pa galimoto, ndipo musamachitirane nsanje potsitsa mtengo kuti mulande mwambo wa anzanu. Lembetsani nyimbo zanu ku COSOMA. Kuntchito pemphani tchuthi moona, osanamizira maliro kapena matenda. Mphunzitsi amene wasiya ana Lachisanu m'mawa kuti akaimbe wawabera anawo, ndipo akuipitsa mbiri ya oimba onse. Mowa wa pamwambo nawo si malipiro, musaulandire m'malo mwa ndalama.

Kwa mabwana ndi ahedi ndingoti munthu amene wagwira ntchito yake mokwanira sabata yonse musamuyese chigawenga chifukwa Loweruka amaimba. Ndi yemweyo amene mudzamufune pa ukwati wa mwana wanu.

Tikapitiriza kuwadyera masuku pamutu, ambiri adzapachika magitala n'kutsala ndi ntchito imene imawadyetsa. Pamenepo ana athu adzakula akudziwa nyimbo za m'foni zokha, osaonapo munthu akuimba banjo kapena gitala pamaso pawo, ndipo mlandu udzakhala wathu.



Wokonda nyimbo,
Ntcheu.