Munda wa amayi unakwana pa citseko

Pakhonde la nyumba imene ndimacita lendi mu Chipata pali citseko cakale cogoneka pa njelwa zinayi. Pa citsekopo pali munda wa cimanga, ndime ya nshawa, dimba, khola la ng'ombe, nkhokwe ziwili, nyumba zitatu ndi cimbudzi. Ng'ombe yaikulu pa zonse ikulingana ndi nyemba imodzi. Mnzanga wina amene timadzipeleka naye ku wailesi ya m'dela lathu atabwela kudzabweleka caja ya foni, anaima n'kuyang'ana kwa nthawi, kenako anaseka mpaka misozi. "Iwe, munthu wa ndevu zako, ukali kuumba ng'ombe za dothi?"

Sindinakwiye, cifukwa si iye woyamba. Koma ndikufuna kuyankha pano, pamene sanganidule mau. Kupanga kafamu kakang'ono kotsatila miyeso yeniyeni si cibwana, ndipo ndikuona kuti ife a kuno kum'mawa tinataya cinthu cabwino pamene tinavomela kuti kuumba kumathela ku pulaimale.

Ambili a ife amene tinakulila kumudzi tinaumbapo ng'ombe kudambo, ng'ombe zenizeni zili kudya. Tinali kuzipatsa linunda ndi nyanga za minga, kuziyanika pamwala, n'kuzimenyanitsa mpaka ya mnzako itathyoka khosi. Ena anali akatswili a magalimoto a waya okhala ndi ciwongolelo cacitali. Palibe anatiphunzitsa. Ndiyeno tsiku lina munthu wamkulu anatiuza kuti takula, ndipo manja amene anali kudziwa kuumba anapatsidwa colembela cabe. Kumaiko ena sizinathe conco. Ku England kampani ya Britains inayamba kugulitsa tuziweto ndi tuzipangizo twa pafamu mu 1921, ndipo mpaka lelo akuluakulu amagula tumathilakitala twake pa muyeso wa 1:32, kutanthauza kuti kathilakitala kamacepa maulendo 32 poyelekezela ndi yeniyeni. Ku Germany kuli Siku imene imapanga zofananazo. Ku Dyersville, m'cigawo ca Iowa ku America, kuli nyumba yathunthu yosungilamo zidole za pafamu, ndipo amene amapitako si ana okha. Ine sindisilila zidole zawozo. N'zodula, ndipo zimaonetsa famu imene si yathu. Cimene ndimasilila n'cakuti kumeneko mwamuna wa imvi angakhale pansi n'kumata mpanda wa kakhola popanda womufunsa ngati mutu uli bwino.

Cimene cimasiyanitsa kafamu kanga ndi ng'ombe za kudambo zija ndi muyeso. Tili ana, ng'ombe inali kukula kuposa nyumba ndipo palibe anali kudandaula. Ine ndinasankha 1:100, cifukwa masamu ake ndi osavuta: sentimita imodzi pa citseko ndi mita imodzi kumunda. Lima imodzi, imene tonse timaidziwa kuti ndi mamita 50 m'litali ndi 50 m'lifupi, gawo limodzi mwa anayi a hekitala, imakhala kabolodi ka masentimita 50 mbali zonse. Nyumba ya mamita 6 ndi 4 imacepa kufika pafupifupi pa kabokosi ka macisi. Munthu saposa masentimita awili. Citseko ca mamita awili m'litali ndi masentimita 80 m'lifupi cimanyamula malo opitilila hekitala imodzi ndi theka, ndipo munda wa amayi, wa malima atatu, unakwanapo pamodzi ndi mudzi wawo ndi dimba. Ndinapita kumudzi ca ku Katete ndi cingwe ca mamita 10, ine ndi mwana wa mlongo wanga tinayesa zonse masiku awili, anthu akutifunsa ngati munda wagulitsidwa.

Zipangizo sizinanditengele ndalama kupatula guluu ndi utoto pang'ono. Nthaka ndi dothi la paculu losakaniza ndi utuci. Mizele ndinailemba ndi cipeso, popeza mizele yotalikilana masentimita 90 imakhala yosakwana sentimita imodzi pa kabolodi, ndipo mu lima imodzi imakwana 55. Mpanda wa khola ndi tumitengo twa tsache. Mitengo ya mango ndi siponji yakale ya matilesi. Madenga ndi udzu weniweni woung'amba ndi lezala, ndipo denga la malata la nyumba ya amayi linacoka ku citini ca cakumwa. Lima iliyonse ndinaipanga pa kabolodi kakekake kuti ndizitha kuinyamula.

Kunyamulako ndiye kunabweletsa nkhani. Mng'ono wanga anabwelela kumudzi ndi banja lake, ndipo anafuna kumanga nyumba ndi cimbudzi kumtunda kwa dimba, kufupi ndi citsime cimene banja lonse limamwako. Panalinso cigwembe cimene caka ndi caka cinali kudya ngodya ya munda. Ine, monga wophunzila wa pabanja wokhala ndi setifiketi ya ku koleji, ndinajambula mapu papepala kawili konse. Amayi analandila pepalalo mwaulemu, analigwila cozondoka, n'kunena kuti, "Cabwino mwanawe, mwajambula bwino." Amalume sanaligwile n'komwe. Msonkhano unatha popanda cimene tinagwilizana, aliyense ali ndi mau ake m'mimba.

Ulendo wacitatu ndinakwela basi ndi katoni ya tumabolodi. Nditatuyala pamphasa pansi pa mtengo wa mango, amalume anasendeza mpando wawo okha. Anayamba ndi kundidzudzula: culu ndinaciika patali kwambili ndi njila, ndipo mtengo wa masuku umene uli m'malile ndinauiwala. Anali kunena zoona. Kenako ndinaika kacimbudzi pamene mng'ono wanga anali kufuna, n'kutulutsa lula ya kusukulu. Azaumoyo amalangiza kuti cimbudzi cikhale mamita osacepela 30 kucokela pa citsime, ndiponso cisakhale kumtunda kwake. Pa muyeso wa 1:100, mamita 30 ndi lula imodzi ndendende. Amalume anaika nsonga ya lula pa kacitsime, ndipo kacimbudzi kanapezeka pakati pa lula. Palibe ananena kanthu. Mng'ono wanga anatola kacimbudziko yekha n'kukaika kuseli kwa khola, kumbali imene madzi amatsikila kwina.

Pa nkhani ya cigwembe ndinatenga citini coboola pansi ndi msomali n'kugwetsa mvula pa kamundako. Madzi anasonkhana m'kanjila ka mapazi kamene kamadula munda kucoka kumudzi kupita kudimba, n'kuthamangila pa ngodya yomwe ija. Ndinayang'ana anthu ndikuyembekezela kuti andiyamikile. Amayi anangoti, "Nanga si zimene ndakhala ndikukuuzani zaka zonsezi?" Ndipo anatenga kamtengo n'kulemba pa dothi lonyowalo pamene njila iyenela kukhotela, ndi pamene udzu wa vetiva uyenela kubyalidwa modula malo otsetseleka.

Apa ndi pamene pagona mfundo yanga. Kafamuko sikanaphunzitse amayi ciliconse cokhudza munda wawo. Iwo aulima kuyambila ndisanabadwe, ndipo amadziwa pamene madzi amaima, pamene kaufiti amamela, ndi pamene nshawa zimakana. Cimene cinali kusowa ndi njila yakuti zimene iwo akudziwa zifike kwa ife a mapepala, ndi zimene ife tinawelenga zifike kwa iwo, popanda wina kuoneka mbuli. Pepala limapatsa mphamvu amene wagwila colembela. Kakhola ka tumitengo aliyense angakatole n'kukasuntha, ndipo ngati walakwitsa, mnzake akabweza. Tikasuntha khola lenileni kapena kukumba dzenje la cimbudzi pamalo olakwika, ndi masabata a thukuta, mwinanso mkangano wa pacibale umene umafika kwa amfumu.

Inenso kanandiphunzitsa manyazi. Ku wailesi ndawelengapo kambili uthenga wa ulimi wa gamphani: kumbani maenje a masentimita 30 m'litali, 15 m'lifupi ndi 20 kuya kwake, otalikilana masentimita 70 mu mzele ndi 90 pakati pa mizele. Kuwelenga zimenezi kumatenga masekondi ocepa, kenako timaika nyimbo. Tsiku lina ndinati ndionetse gamphani pa kabolodi kamodzi. Pa muyeso wanga dzenje lililonse ndi kabowo ka mamilimita atatu, ndipo mu lima imodzi muli maenje pafupifupi 4,000. Ndinayamba kubaya ndi msomali pambuyo pa cakudya ca masana. Dzuwa likulowa ndinali ndisanafike pakati, cala citatupa, ndipo ine ndinali pampando, mumthunzi, dothi lake lofewa. Amayi amakumba ndi khasu m'nthaka youma. Kucokela tsikulo, ndikafika pa uthengawo ndimachula ciwelengelo ca maenje, ndipo ndimakumbutsa omvela kuti ayambe atangokolola nthaka ikali yofewako, ndi kuti si mlandu kuyamba ndi ndime yaing'ono. Alangizi anali kunena zimenezi kale. Ine ndiye ndinali kuzidumpha kuti nthawi ya pulogilamu ikwane.

Tsopano mnzanga uja ali ndi zonena zake, ndipo zina n'zoona. Kafamu ka pa citseko sikadzaza nkhokwe. Kamanamanso. Mulibe mbozi za m'cimanga, mulibe mtengo wa feteleza, ng'ombe zake sizidwala, ndipo madzi a m'citini sayenda ndendende ngati mvula ya mu January pa nthaka yeniyeni. Amangoonetsa kumene malo apendekela. Mu 2024, pamene cilala cinaocha minda ndipo Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza pa 29 February kuti dziko lili pa tsoka, cimanga canga ca utoto cinali cobiliwila bwino pakhonde. Sindinathe kuciyang'ana. Ndinaciphimba ndi saka mpaka mvula ina itagwa. Ndiponso n'zoona kuti nthawi yokhala pansi ndi lezala si onse ali nayo. Mlongo wanga amene amalima, kutunga madzi ndi kuphikila ana sangaipeze. Ine ndimaipeza cifukwa ndimakhala m'tauni ndipo pa Sabata masana ndilibe ng'ombe zokadyetsa.

Bodza lalikulu koposa ndi limene wopanga amadzinamiza yekha. Dothi silikana ciliconse. Ungaike damu, thilakitala, nyumba ya zipinda zisanu ndi ng'ombe makumi awili, n'kumagona ukumwetulila. Inenso ndinapanga kathilakitala ka citini, mawilo ake a tuzivindikilo twa mabotolo, kokongola ndithu. Amayi atakaona anafunsa kuti, "Nanga iyi ndi ya ndani?" Ndinakacotsa. Lamulo langa tsopano n'lakuti coyamba upange zimene zilipo, cigwembe ndi culu ndi denga lodontha lomwe, ndipo za m'maloto zikhale m'kabokosi pambali, zoikapo ndi kucotsapo pokambilana. M'kabokosi kanga muli tumitengo 25 twa msangu, cifukwa pa mtunda wa mamita 10 ndi 10 umene amalangiza, lima imodzi imatenga 25. Msangu umayoyola masamba nthawi ya mvula, conco suchinga cimanga ku dzuwa ndipo umadyetsa nthaka. Amalume amati udzasokoneza ng'ombe polima. Tatuika ndi kutucotsa katatu, ndipo nkhaniyo ikalipo.

Ndisakunamizeni kuti ndimacita zonsezi cifukwa ca citukuko. Ndimazikonda cabe. Kuluka nkhokwe ya masentimita awili ndi singano ndi udzu kunanditengela madzulo atatu, ndipo ziwili zoyamba zinaphwasuka m'manja. Akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo ine amene nchito yanga ndi kulankhula mofulumila nthawi isanathe, ndinapeza pakhondepo malo amodzi pamene palibe wochi imene ikundithamangitsa. Ena amapita ku mpila, ena ku bawa, ena amakhala pa Facebook mpaka batile itatha, ndipo palibe amawafunsa kuti zimadzaza nkhokwe kapena ayi.

Koma popeza phindu lake ndaliona ndi maso, ndikupempha aphunzitsi a zaulimi m'masukulu athu kuti ayese. Mwana amene wayesa munda wa kwawo ndi cingwe n'kuucepetsa maulendo 100 waphunzila masamu, mapu ndi ulimi pa nthawi imodzi, ndipo dothi la paculu ndi katoni sizifuna bajeti. Alangizi nawonso, m'malo mwa pepala lalikulu lokhomeka pamtengo limene mphepo imaling'amba, angabwele ndi kabolodi n'kulola alimi kusuntha zinthu ndi manja awo. Ku zionetselo za ulimi za m'maboma timaona maungu aakulu ndi mbuzi zonenepa. Tebulo limodzi la tumafamu twa ana ndi akulu silingawononge kanthu.

Amene mufuna kuyamba, musamate ndi phala la ufa wa cinangwa ngati mmene ndinacitila poyamba pofuna kupulumutsa ndalama ya guluu. Limagwila bwino, koma mphemvu zinadya mpanda wonse wa khola usiku umodzi, ndipo m'mawa ndinapeza ng'ombe zili m'munda wa nshawa. Pa citseko panga palinso mpata wa kabolodi kamodzi tsopano. Amalume anakana kubweza lima ya kumunsi, ija ya cigwembe. Ili pamwamba pa kabati m'nyumba mwawo, amaitsitsa alendo akabwela, ndipo sabata yatha anatuma uthenga kuti ndikadzabwela ndibweletse ng'ombe ziwili za pagoli ndi pulawo, koma nyanga zikhale zazifupi ngati za ng'ombe zawo.